Miyala ya nyengo ya Jurassic kummwera kwa Africa: mayina ake ndi mmene akatswiri amayigwirizanitsira

Munthu wonyamuka ku mapiri a Lesotho, n'kudutsa m'chigawo cha Free State ku South Africa, kulowa m'dziko la Botswana, kenaka Zimbabwe, mpaka kukatsikira m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, amakumana kawirikawiri ndi mwala wamchenga wotuwa kapena wofiirira, umene pamwamba pake pamakhala mwala wakuda wochokera ku chiphalaphala. Koma akatambasula mapu a miyala a mayiko amenewa, amapeza kuti mwalawo ukusintha dzina pafupifupi pa malire aliwonse. Ku South Africa ndi ku Lesotho umatchedwa Clarens, ku Botswana ndi Ntane, ku Zimbabwe ndi Forest Sandstone, pamene malipoti a ku Zambia amautchula kuti Red Sandstone.

Nkhani ya mayinayi si ya akatswiri a m'sukulu za ukachenjede okha. Imakhudzanso ogwira ntchito m'boma amene amavomereza malo okumbapo mijigo, amene amapereka zilolezo zofufuzira migodi, komanso amene amakambirana ndi mayiko oyandikana nawo za madzi a pansi pa nthaka. Onsewa amadalira malipoti a akatswiri a za miyala, ndipo malipotiwo amayankhula kudzera m'mayina. Mfundo yaikulu yoyenera kuikumbukira ndi yakuti dzina la mwala limanena za mtundu wake ndi malo amene unafotokozedwa koyamba, osati zaka zake. Miyala ya mayina osiyana ikhoza kukhala ya nthawi imodzi, ndipo miyala yofanana maonekedwe ikhoza kusiyana ndi zaka mamiliyoni ambiri.

Chiyambi cha dzina la Jurassic

Akatswiri amagawa mbiri ya dziko lapansi m'nyengo zikuluzikulu. Nyengo ya Jurassic inayamba zaka pafupifupi 201 miliyoni zapitazo ndipo inatha zaka pafupifupi 143 miliyoni zapitazo, ngakhale mabuku ambiri akale amalemba 145 miliyoni. Nyengoyi inatsatira ya Triassic, ndipo itatha panabwera ya Cretaceous.

Dzinali linachokera ku mapiri a Jura, amene ali m'malire a dziko la France ndi Switzerland. Alexander von Humboldt anayendera mapiriwa m'chaka cha 1795 ndipo anaona kuti miyala yake ya laimu ndi yosiyana ndi ina. M'chaka cha 1829, Alexandre Brongniart wa ku France anagwiritsa ntchito dzinali polemba za miyala ya nthawi imeneyi, ndipo mu 1839 Leopold von Buch wa ku Germany anaigawa patatu potengera mtundu wake: yakuda pansi, yofiirira pakati, yoyera pamwamba.

Miyala yambiri ya nyengoyi ku Ulaya inapangidwa pansi pa nyanja yamchere, ndipo ili ndi zigoba zopiringizika za tinyama totchedwa ammonite. Tinyamati tinkasintha maonekedwe msanga ndiponso tinkafalikira kutali, choncho Albert Oppel, pakati pa 1856 ndi 1858, anatha kugawa miyalayo m'magawo ang'onoang'ono potsata mtundu wa ammonite wopezeka m'gawo lililonse. Mpaka lero ammonite ndiye muyeso waukulu. M'chaka cha 2010, akatswiri a mayiko osiyanasiyana anagwirizana kuti poyambira penipeni pa nyengo ya Jurassic padziwike ndi gawo la miyala ya pa Kuhjoch, m'mapiri a dziko la Austria, pamene pamayamba kupezeka ammonite wotchedwa Psiloceras spelae.

Apa ndi pamene pagona vuto la kummwera kwa Africa. Pa nthawi imeneyo dera lino linali pakati pa chimtunda chachikulu chotchedwa Gondwana, chimene chinkaphatikiza Africa, South America, Antarctica, India ndi Australia. Nyanja yamchere inali kutali. Miyala yambiri inapangidwa m'mitsinje, m'madambo ndi m'zipululu, mmene ammonite sakanakhalamo. Akatswiri a kuno anayenera kupeza njira zina zodziwira zaka za miyala yawo.

Malamulo a katchulidwe

Mchenga ndi matope zikamaunjikana kwa zaka zambiri zimalimba n'kukhala miyala yosanjikizana, yakale pansi, yatsopano pamwamba. Kuti akatswiri azimvana, pali ndondomeko ya mayiko onse yotchulira magawo a miyala yotereyi. Inasindikizidwa koyamba mu 1976 motsogozedwa ndi Hollis Hedberg, ndipo inakonzedwanso mu 1994 motsogozedwa ndi Amos Salvador.

Malinga ndi ndondomekoyi, gawo lofunika kwambiri ndi limene limatchedwa formation. Limeneli ndi gawo la miyala lokhala ndi maonekedwe akeake, losiyana ndi la pansi ndi la pamwamba pake, ndipo liyenera kukhala lalikulu mokwanira kuti lijambulidwe pa mapu. Magawo angapo otere akaphatikizidwa amapanga group, ndipo magulu angapo amapanga supergroup. Kagawo kakang'ono ka mkati mwa formation kamatchedwa member.

Dzina lovomerezeka limatengedwa ku malo enieni, monga tauni, phiri kapena mtsinje wa pafupi ndi pamene mwalawo ukuonekera bwino. Wotchula dzina ayenera kusankha malo achitsanzo, kuyeza kuchindikala kwa miyalayo, kufotokoza poyambira ndi pothera pake, ndi kusindikiza zonsezi kuti katswiri wina aliyense athe kupita pamalopo kukadzionera yekha. Dzina limene linasindikizidwa koyamba motsata malamulo ndi limene limapatsidwa ulemu, ndipo silisinthidwa popanda chifukwa chomveka. Ngakhale malo amene dzinalo linachokera atasintha dzina, mwala umasunga dzina lake. Ndondomekoyi imanenanso kuti mayina a miyala sayenera kusintha chifukwa cha malire a mayiko, koma mfundo imeneyi ndi imene yakhala yovuta kwambiri kuitsata, popeza dziko lililonse linali ndi nthambi yakeyake yofufuza za miyala kuyambira nthawi ya atsamunda.

Miyala ya Karoo ndi mayina a mu 1980

Miyala imene tikukambayi ndi ya pamwamba penipeni pa gulu lalikulu lotchedwa Karoo Supergroup, limene linayamba kuunjikana zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo ndipo limakuta pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko la South Africa. Pansi pake pali miyala ya Dwyka, yosiyidwa ndi madzi oundana. Pamwamba pa Dwyka pali Ecca, mmene muli malasha, kenaka Beaufort, kenaka Stormberg, ndipo pamapeto pake pali miyala yakuda ya Drakensberg. Nyengo ya Jurassic imayambira mkati mwa Stormberg.

Akatswiri oyambirira, kuphatikizapo Alex du Toit amene anajambula mapu a derali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ankagwiritsa ntchito mayina ofotokoza maonekedwe. Miyala yofiira ya matope ndi mchenga ankaitcha Red Beds. Mwala wamchenga wotuwa wa pamwamba pake ankautcha Cave Sandstone chifukwa cha mapanga amene amapangika m'munsi mwake, momwe anthu a mtundu wa San anajambula zithunzi zawo. Kumpoto kwa dzikolo mwala womwewu unkatchedwa Bushveld Sandstone.

Mayina otere anali ndi vuto lakuti miyala yofiira imapezeka m'madera ambiri padziko ndiponso ndi ya nyengo zosiyanasiyana. M'chaka cha 1980, komiti yoona za katchulidwe ka miyala ku South Africa inasindikiza buku lokhazikitsa mayina atsopano otengedwa ku malo. Red Beds inakhala Elliot Formation, potengera tauni ya Elliot m'chigawo cha Eastern Cape, ndipo malo ake achitsanzo ali pa Barkly Pass. Cave Sandstone inakhala Clarens Formation, potengera tauni ya Clarens ku Free State, pafupi ndi nkhalango yotetezedwa ya Golden Gate Highlands. Tauni ya Elliot tsopano imatchedwa Khowa, koma mwalawo udakali Elliot, monga mmene malamulo amanenera.

Miyala ya Elliot ndi yochindikala mamita oposa 400 kummwera, ndipo imapyapyala mpaka kusafika mamita 100 kumpoto. Gawo lake la pansi linasiyidwa ndi mitsinje yokhotakhota yoyenda chaka chonse, pamene la pamwamba linasiyidwa ndi mitsinje yosefukira mwa apo ndi apo m'dziko limene linkauma pang'onopang'ono. Pofika nthawi ya Clarens, dera lonse linali chipululu cha milu ya mchenga youluzika ndi mphepo. Phiri la Thaba Bosiu, limene mfumu Moshoeshoe woyamba anakhazikapo likulu lake mu 1824, lili ndi denga la mwala umenewu.

Mayina a m'mayiko oyandikana

Chipululucho sichinalekezere ku South Africa. Miyala yofanana ndi iyi imapezeka m'zigwa zosiyanasiyana za derali, ndipo mayina ake ali motere:

South Africa ndi Lesotho: Elliot pansi, Clarens pamwamba, kenaka miyala yakuda ya Drakensberg.

Botswana: Mosolotsane pansi, Ntane Sandstone pamwamba, zonse m'gulu la Lebung, kenaka miyala yakuda imene kumeneko imatchedwa Stormberg Lava.

Zimbabwe: Pebbly Arkose pansi, Forest Sandstone pamwamba, kenaka miyala yakuda ya Batoka. Kummwera kwa dzikolo, m'chigwa cha Tuli, kulinso dzina la Mpandi.

Zambia, m'chigwa cha Gwembe: Escarpment Grit pansi, kenaka miyala yamchenga yosinthana ndi yamatope, kenaka Red Sandstone, ndipo pamwamba pake Batoka, mwala umene mtsinje wa Zambezi umagwerapo pa mathithi a Victoria.

Namibia: Omingonde pansi, Etjo Sandstone pamwamba, monga mmene zimaonekera pa mapiri a Waterberg ndi Etjo.

Mndandanda wotere uyenera kuwerengedwa mosamala. Sukutanthauza kuti gawo lililonse likufanana ndendende ndi linzake. Mwachitsanzo, Forest Sandstone ya ku Zimbabwe imagwirizana ndi gawo la pamwamba la Elliot pamodzi ndi Clarens, osati Clarens yokha. Pebbly Arkose ndi Omingonde ndi za nyengo ya Triassic. Komanso onani kuti dzina la Stormberg ku South Africa limatchula miyala yamchenga ndi yamatope, pamene ku Botswana limatchula chiphalaphala chimene chinaikwirira. Wowerenga lipoti osadziwa zimenezi akhoza kusokonezeka mosavuta.

Umboni wa mafupa ndi mapazi

Njira yoyamba yogwirizanitsira miyalayi inali mafupa osanduka mwala. M'chaka cha 1854, Richard Owen wa ku London anapereka dzina la Massospondylus kwa chinyama cha mtundu wa dinosaur chimene mafupa ake anachokera kufupi ndi Harrismith. Mafupa oyambirirawo anaonongeka ndi mabomba mu 1941, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma ena ambiri anapezeka pambuyo pake ku South Africa, Lesotho ndi Zimbabwe. Mu 1976, James Kitching anapeza mazira a chinyamachi ku Golden Gate, ena ali ndi ana mkati. Popeza Massospondylus amapezeka m'gawo la pamwamba la Elliot komanso mu Forest Sandstone, akatswiri anatsimikiza kuti miyala iwiriyi ndi ya nthawi imodzi ngakhale yatalikirana ndi makilomita mazanamazana.

Mu 1984, Kitching ndi Michael Raath anagawa Elliot pawiri potsata mafupa: gawo la pansi la chinyama chotchedwa Euskelosaurus, ndi gawo la pamwamba la Massospondylus. Chaka chomwecho, Paul Olsen ndi Peter Galton anayerekeza mafupa ndi mapazi a zinyama a mu Stormberg ndi a kum'mawa kwa North America, ndipo ananena kuti gawo la pamwamba la Elliot pamodzi ndi Clarens ndi za kumayambiriro kwa Jurassic. Zisanafike apa, mabuku ambiri ankaika miyala yonseyi mu Triassic. Dzina la mwala silinasinthe, koma zaka zake zinasintha, ndipo zinadziwika kuti malire a nyengo ziwirizi ali mkati mwa formation imodzi.

Zinyama nazo zili ndi malamulo awo a mayina. Mu 1969, Raath anatchula kanyama kodya nyama kopezeka mu Forest Sandstone, m'dera la Nyamandhlovu, kuti Syntarsus. Patapita zaka zinapezeka kuti dzinali linali litaperekedwa kale kwa kachikumbu, ndipo mu 2001 kanyamako kanapatsidwa dzina lina lakuti Megapnosaurus. Motero malipoti a zaka zosiyana akhoza kutchula chinyama chimodzi ndi mayina awiri.

Umboni wa chiphalaphala, zircon ndi maginito

Njira yachiwiri ndi chiphalaphala. Zaka pafupifupi 183 miliyoni zapitazo, pamene Gondwana inkayamba kung'ambika, nthaka inatseguka ndipo chiphalaphala chochuluka chinakuta mbali yaikulu ya kummwera kwa Africa. Ku Lesotho chinaunjikana mpaka kupitirira kilomita imodzi, ndipo nsonga ya Thabana Ntlenyana, yotalika mamita 3,482, ndi ya mwala umenewu. Miyala ya nthawi yomweyo imapezekanso m'mapiri a Lebombo, m'malire a Mozambique, ndi ku Antarctica. Mwala wochokera ku chiphalaphala uli ndi ubwino wakuti zaka zake zimayezeka m'nyumba zofufuzira. Choncho mchenga uliwonse umene unakwiriridwa ndi chiphalaphalachi uyenera kukhala wakale kuposa icho. Denga limodzi limeneli ndi limene limamanga pamodzi Clarens, Ntane, Forest Sandstone ndi Red Sandstone.

Njira yachitatu ndi timibulu tolimba totchedwa zircon. Timibuluti tikamapangika timatsekera yureniyamu pang'ono mkati mwake, ndipo yureniyamuyo imasanduka mtovu pa liwiro lodziwika. Poyeza kuchuluka kwa ziwirizi, akatswiri amadziwa zaka za kambulu kalikonse. Mwala wamchenga sungakhale wakale kuposa kambulu katsopano kwambiri kopezeka mkati mwake, monga mmene khoma silingakhale lakale kuposa njerwa yotsiriza kuotchedwa imene ili m'khomamo.

Njira yachinayi ndi maginito a dziko. Mphamvu imene imalozetsa kampasi kumpoto yakhala ikutembenuka kambirimbiri m'mbiri ya dziko, ndipo timibulu ta chitsulo ta m'matope timasunga mbali imene mphamvuyo inkaloza pa nthawi imene matopewo ankakhazikika. Mndandanda wa kutembenukaku ndi umodzi padziko lonse, kotero umathandiza kulumikiza miyala ya kumtunda ndi ya m'nyanja, kuphatikizapo ija ya ammonite ya ku Ulaya.

Kafukufuku wa Emese Bordy wa pa University of Cape Town ndi anzake wagwiritsa ntchito njira zimenezi pamodzi. Mu 2004 anaonetsa kuti pakati pa gawo la pansi ndi la pamwamba la Elliot pali mpata wa nthawi imene miyala sinaunjikane kapena inakokoloka. Mu 2017 Lara Sciscio ndi anzake anasindikiza zotsatira za maginito, ndipo mu 2020 gululi linasindikiza zaka zochokera ku zircon. Zonsezi zinalimbikitsa mfundo yakuti gawo la pansi ndi la Triassic, la pamwamba ndi la Jurassic, ndipo malire a nyengo ziwirizi ali pafupi ndi pamene magawo awiriwa amakumanirana.

Pamene maonekedwe anasocheretsa

Mbiri ya ntchitoyi ili ndi zolakwitsa zimene zinakonzedwa pambuyo pake, ndipo ndi zophunzitsa.

Mu 1969, pa chilumba china cha m'nyanja ya Kariba ku Zimbabwe, panapezeka mafupa a chinyama chachikulu cha khosi lalitali, chimene Raath anachitcha Vulcanodon mu 1972. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti mafupawo anali mu mchenga wopanikizika pakati pa magawo awiri a chiphalaphala cha Batoka, ndipo zaka zake zinkawerengedwa motero. Mu 2018, Pia Viglietti ndi anzake atabwerera pachilumbapo n'kuyezanso miyala, anapeza kuti mafupawo anachokera pamwamba pa Forest Sandstone, pansi pa chiphalaphala. Chinyamacho chinapezeka kuti ndi chakale kuposa mmene ankaganizira, ndipo mabuku anayenera kukonzedwa.

Ku Namibia, dzina la Etjo linkagwiritsidwa ntchito pa miyala iwiri yamchenga wa m'chipululu: wa ku Waterberg, ndi wa kumpoto chakumadzulo, kumene kuli zozokota zotchuka za Twyfelfontein. Poyang'ana ndi maso, miyalayi ndi yofanana. Koma wa kumadzulowo umalowerana ndi chiphalaphala cha Etendeka, cha zaka pafupifupi 132 miliyoni, chimene ndi cha nyengo ya Cretaceous. Kusiyana kwake ndi zaka pafupifupi 50 miliyoni. Pa chifukwa ichi mwala wa kumadzulowo unapatsidwa dzina lakelake la Twyfelfontein Formation.

Chitsanzo chachitatu ndi cha kwathu konkuno. M'zaka za m'ma 1920, m'dera la Mwakasyunguti m'boma la Karonga munapezeka mafupa a dinosaur. Frank Dixey, amene anali mkulu wa nthambi yofufuza za miyala m'dziko la Nyasaland, analemba za miyalayo mu 1928 ndipo anaitcha Dinosaur Beds. Chaka chomwecho Sidney Haughton anatcha chinyamacho Gigantosaurus dixeyi, pochiika m'gulu limodzi ndi zinyama za ku Tendaguru, pafupi ndi Lindi m'dziko la Tanzania.

Kuyerekezako kunali ndi chifukwa. Ku Tendaguru akatswiri a ku Germany anakumba mafupa ochuluka pakati pa 1909 ndi 1913, ndipo chigoba cha Giraffatitan chimene anapeza chili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Berlin. Miyala ya kumeneko ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo magawo a mafupa amasinthana ndi magawo a zigoba za m'nyanja, zimene zimasonyeza kuti mafupa ambiri ndi a kumapeto kwa Jurassic. Malo amenewa ndi amene anali muyeso wapafupi. Koma gulu la Louis Jacobs wa ku America, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, litayambiranso kukumba ku Karonga m'zaka za m'ma 1980, linapeza kuti chinyamacho ndi cha mtundu wina, ndipo mu 1993 chinapatsidwa dzina la Malawisaurus dixeyi. Mu 2005 katswiri wa kuno ku Malawi, Elizabeth Gomani, anafotokoza chinyama chinanso cha m'miyala yomweyo, Karongasaurus. Lero miyala ya Dinosaur Beds imaikidwa m'nyengo ya Cretaceous. Choncho chigoba cha Malawisaurus chimene alendo amaona ku Cultural and Museum Centre Karonga si cha Jurassic, ngakhale anthu ambiri amaganiza kuti dinosaur aliyense ndi wa nyengo imeneyo.

Kodi ku Malawi miyala ya Jurassic ili kuti

Miyala ya Karoo ilipo m'dziko muno, koma yambiri ndi yakale kuposa Jurassic. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi yureniyamu wa ku Kayelekera m'boma la Karonga zili m'miyala ya nyengo ya Permian, ngati mmene alili malasha a ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique ndi a ku Maamba ku Zambia. Kumpoto kwa dziko lino malipoti akale amatchula magawo a Karoo ndi zilembo, kuyambira K1 mpaka K7, njira yofanana ndi ya m'chigwa cha Ruhuhu ku Tanzania. Zilembo zotere si mayina otsata ndondomeko ya mayiko onse, koma zinazolowereka.

Zizindikiro za Jurassic zimaoneka kwambiri kummwera. M'chigwa cha Shire, kumadzulo kwa mtsinjewu pakati pa Chikwawa ndi Chiromo, miyala ya Karoo imathera pa miyala yofiira yamchenga imene pamwamba pake pali mwala wakuda wa chiphalaphala. Akatswiri amauika mwala wakudawu m'nthawi imodzi ndi chiphalaphala cha Drakensberg ndi Batoka. M'mapiri a kum'mawa kwa Shire mulinso mizere yambiri ya mwala wolimba wotchedwa dolerite, umene unalowa m'ming'alu ya miyala yakale pa nthawi yomweyo. Malipoti ndi mapu a miyala imeneyi amasungidwa ndi nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba.

Phindu lake pa ntchito za boma

Phindu loonekera msanga ndi la madzi. Mchenga wouluzika ndi mphepo umakhala wa timibulu tofanana kukula, ndipo pakati pake pamatsala mipata yosunga madzi. Mwala wakuda wa pamwamba umakhala ngati chivundikiro. Mzinda wa Bulawayo, pa chilala cha mu 1992, unatembenukira ku mijigo ya ku Nyamandhlovu, imene imatunga madzi mu Forest Sandstone. Ku Botswana, mgodi wa dayamondi wa Orapa ndi tauni ya Serowe zimadalira mijigo ya mu Ntane Sandstone. Pamene akatswiri anatsimikiza kuti Ntane ndi Forest Sandstone ndi mwala wolumikizana, nkhani ya madziwo inasiya kukhala ya dziko limodzi. M'chigwa cha Tuli nkhokwe ya madzi yotereyi ndi ya mayiko atatu: Botswana, South Africa ndi Zimbabwe. Dziko limodzi likamapopa mopyola muyeso, anzake akhoza kumva kupweteka kwake, ndipo zokambirana za m'bungwe la SADC sizingayende bwino ngati nthumwi zikutchula mwala umodzi ndi mayina atatu osadziwa kuti ndi umodzi.

Pa nkhani ya migodi, kudziwa gawo limene munthu waimapo kumauza wokumba mtunda umene watsala. Malasha a Karoo ali m'munsi, m'miyala ya Permian. Wopeza mwala wamchenga wa Jurassic pamtunda ayenera kudziwa kuti ngati malasha alipo, ali pansi patali, ndipo mtengo wokumbira ukhala wokwera. Chimodzimodzinso ofufuza gasi. Ku Muzarabani, kumpoto kwa Zimbabwe, kampani ya Invictus Energy inaboola chitsime cha Mukuyu-1 mu 2022, ndipo mu 2023 inalengeza kuti yapeza gasi pa Mukuyu-2, m'miyala ya Angwa, imene ili pansi pa Forest Sandstone ndi Pebbly Arkose. Lipoti la ntchito yotere limakhala mndandanda wa mayina amenewa, ndipo woliwerenga m'malo mwa boma ayenera kuwadziwa.

Pa chifukwa ichi, wogwira ntchito m'boma amene walandira lipoti la za miyala angachite bwino kufunsa mafunso anayi. Loyamba: dzina lagwiritsidwa ntchitoli ndi la chaka chiti, ndipo kodi linalowedwa m'malo ndi lina, monga mmene Cave Sandstone inakhalira Clarens? Lachiwiri: kodi dzinalo lili ndi malo achitsanzo amene munthu angapiteko kukaona? Lachitatu: zaka zimene zatchulidwazo zachokera pa umboni wanji, mafupa, chiphalaphala, zircon, kapena kungofanana kwa maonekedwe? Lachinayi: kutsidya kwa malire, mwala womwewu amautcha chiyani, ndipo anzathu a kumeneko anapezamo chiyani?

Lipoti limene likuyankha mafunso anayiwa momveka bwino ndi limene boma lingadalire popereka chilolezo kapena potulutsa ndalama zokumbira.